Momwe mungakonzere ulendo wa boti la matanga kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Likoma

Pa Nyanja ya Malawi mulibe madoko a maboti ang'onoang'ono okhala ndi magetsi, madzi ndi pampu ya mafuta ngati a ku Durban kapena Cape Town. Kuno boti limagona pa nangula, mafuta mumasenza m'zigubu, ndipo amene amalamula ulendo wonse ndi mphepo.

Yambani ndi mwezi

Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo umalimba kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Ukabuka umatha kuwomba masiku atatu kapena kuposerapo osapuma. Poti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, mafunde amanka nakulirakulira mukamapita kumpoto. Sitima ya Viphya inamira pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Florence Bay (pano ndi Chitimba, kumpoto kwa nyanjayi), anthu 145 n'kufa, m'nyengo yomweyi.

Komabe mwera womwewo ndi umene umakankha boti lolowera kumpoto. Chovuta ndi pobwerera, chifukwa mudzakhala mukulimbana nawo maso ndi maso. Ngati ulendo wopita watenga masiku asanu, wobwerera muupatse asanu ndi atatu. Kwa oyamba kumene, Seputembala ndi Okutobala ndiye miyezi yabwinoko, ngakhale vuma, mphepo yochokera kum'mawa, amavutitsa m'mamawa. M'nyengo ya dzinja pewani: mpoto ndi mabingu zimabwera mosagogoda.

Mapepala ndi mapu

Boti likhale lolembetsedwa ku dipatimenti ya za maulendo apamadzi, ndipo munthu aliyense akhale ndi jekete lake loyandamitsa, lomukwana. Mapu oonetsa kuya kwa nyanja funsani ku dipatimenti ya Surveys. Mapu apafoni ndi othandiza, koma batire ikatha kapena foni ikanyowa mwatsala m'manja lende, choncho tengani apepala, kampasi ndi pensulo, muike m'thumba la pulasitiki.

Manambala a kuya apamapu musawakhulupirire kotheratu. Madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi pachaka: amadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, n'kuphwa cha mu Novembala ndi Disembala. Mwala umene munaudutsa pamwamba mu Juni ukhoza kukung'ambirani boti mu Novembala. Asodzi a utaka amadziwa pamene pali chirundu (miyala yotumphuka pansi pa madzi) chilichonse m'dera lawo. Kapatseni moni akuluakulu apadoko, muwafunse, mulembe pamapu.

Dulani ulendo m'zigawo

Boti loyenda pa manoti 5 limatha makilomita 9 pa ola. M'nyengo yozizira kuwala kulipo maola 11 okha, ndiye werengerani chonchi.

Monkey Bay mpaka Cape Maclear ndi pafupi, maola awiri kapena atatu, podzera pampata wa pakati pa chilumba cha Domwe ndi mtunda. Tsiku limeneli ndi loyesera zingwe, injini ndi nangula. Gombe la Chembe limayang'ana kumpoto chakumadzulo, motero mwera sulivuta, koma mpoto ukabwera chokanipo. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili m'paki ya Lake Malawi National Park: pali ndalama yolowera, ndipo kuwedza mkati mwa mamita 100 kuchoka pagombe n'koletsedwa.

Cape Maclear mpaka Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 40. Gombe la Senga lili poyera, mwera umalimenya mwachindunji. Ukakhala ukuwomba, bisalani kuseri kwa zilumba za Maleri.

Chigawo cha Senga Bay mpaka Nkhotakota ndicho chofuna mutu, makilomita pafupifupi 95, maola khumi ndi kuposerapo. Zulani nangula kusanache, cha m'ma 4 koloko, kuti mukalowe dzuwa likadalipo. Pa Nkhotakota pali kamtunda ka mchenga ka Sungu kamene kamatchinga mafunde, koma madzi ake ndi osaya ndipo mchenga umasuntha. Lowani pang'onopang'ono, wina ali kutsogolo ndi nsungwi kapena chingwe chamwala akuyeza.

Kuchoka pamenepo kupita ku Likoma ndi makilomita oposa 100 pakati panyanja, popanda pothawira. Wolokani pokhapokha a zanyengo atanena kuti kulibe mwera kwa masiku awiri. Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mukafuna kutsika ku Cobue, pagombe la Mozambique moyang'anizana ndi Likoma, pasipoti ndi chidindo cha olowa ndi otuluka n'zofunika.

Kuponya nangula

Sankhani pansi pamchenga, pakuya mamita 3 mpaka 6. Tulutsani tcheni chotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi; ngati ndi chingwe, kasanu ndi kawiri. Pa mamita 4 ndiye kuti tcheni cha mamita 20. Ambiri amaumira tcheni, nangula n'kumakokedwa chokweza m'malo mogona pansi, usiku boti n'kuyamba kukhukhuluzika. Mukaponya, bwezani boti m'mbuyo ndi injini kwa mphindi imodzi kuti nangula alume, kenaka penyani mtengo ndi phiri zimene zalunjikana kumtunda. Zikasiyana, mukuyenda. Pamiyala nangula amakodwa, choncho mangani kachingwe kumutu kwake ndi chigubu choyandama kuti mudzamuzule chammbuyo. Khalani ndi nangula wachiwiri.

Musagone pamathiriro a mitsinje ngati Linthipe, Bua kapena Dwangwa, kuli ng'ona ndi mvuu. Posamba pewani madzi osaya a m'mabango chifukwa cha likodzo.

Kamba ndi mafuta

Madzi akumwa: malita 4 munthu mmodzi patsiku, kuonjezapo a masiku awiri apadera. Mafuta akhale okwanira kuyenda chigawo chachitali kwambiri pa injini yokha, n'kutsalako gawo limodzi mwa magawo atatu. Asefeni pothira, poti a m'zigubu sachedwa kukhala ndi madzi kapena zinyalala.

Mukakakamizika kuyenda usiku, nyali zambirimbiri panyanja ndi asodzi a usipa ogwiritsa ntchito ukonde wa chilimira, alambalaleni patali. Matchera, maukonde otchera n'kuwasiya m'madzi, ndiwo oopsa, poti chizindikiro chake chimangokhala kabotolo koyandama. Ukonde ukakulunga pulopela, zimitsani injini musanalowetse dzanja, ndipo kukacha mukafunefune mwini wake mukambirane za malipiro.