Mukufuna PhD yofufuza maulamuliro ankhanza? Yambirani apa

Choyamba, musalembe kalata yofunsira malo yongonena kuti mumadana ndi olamulira ankhanza, aphunzitsi owerenga ma fomu aja nawonso sawakonda. Chomwe akufuna ndi funso. Mwachitsanzo, bwanji boma la chipani chimodzi limadzivutitsa nkuchititsa zisankho pomwe wopambana akudziwika kale? Kamuzu anali pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, koma mu 1978 kunachitika chisankho cha aphungu, onse a MCP okhaokha. Zinkamuthandiza chani? Funso ngati limeneli ndi lomwe lingakulowetseni.

Mukalipeza, fufuzani munthu osati dzina la sukulu. Mwa akatswiri a nkhaniyi, Milan Svolik ali ku Yale, Steven Levitsky ku Harvard, Lucan Way ku Toronto, Nic Cheeseman ku Birmingham, ndipo bungwe lofufuza za demokalase la V-Dem lili ku Gothenburg ku Sweden. Werengani zomwe analemba posachedwa kenako mukalatamo munene bwinobwino pomwe funso lanu likukumana ndi ntchito yawo. Yunivesite ingatchuke bwanji, ngati kulibe wodziwa nkhani yanu mukangosowa wokuyang'anirani basi.

Ku America PhD imatenga zaka 5 kapena 6, masitazi sakakamiza, ndipo masukulu akuluakulu amalipira fizi nkumakupatsaninso ya m'thumba. Ma fomu ambiri amatseka mu Disembala ndiye yambani pofika Juni. Amafuna transcript, makalata atatu a aphunzitsi, pepala lomwe munalembapo nokha, ena mayeso olowera a GRE, enanso mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS. Ya fomu ikakukanikani pemphani fee waiver kuti musalipire, palibe chamanyazi. Ku UK ndi zaka 3 kapena 4 koma mupite ndi masitazi ndi pulopozo yathunthu, ndalama mudzionere nokha, mwina kudzera sikolashipu ya Commonwealth.

Makalata aja ndi pomwe ambiri timagwa. Timathamangira bwana wa udindo waukulu yemwe sakumbuka nkomwe nkhope yathu, nkutilembera mizere inayi yoti ndife akhama. Pitani kwa lekichala amene anachonga disetesheni yanu, mumpatse mwezi wathunthu, ndipo muzimukumbutsa ndithu chifukwa amaiwala.

Masamu musawathawe, maphunziro a ndale ku America adzaza statistics. Data ya Afrobarometer (kafukufuku wa maganizo a anthu mu Africa) ndi ya V-Dem ndi yaulere, pulogalamu ya pakompyuta yochitira statistics ya R nayo yaulere, tsitsani muyambe kuseweretsa, ngakhale tebulo limodzi mupepala lanu limaonetsa kuti mungathe.

Ndiye pali chitetezo, apa ndiye osachita nazo masewera. Giulio Regeni, wophunzira PhD wa ku Cambridge, anaphedwa ku Egypt mu 2016 akufufuza mabungwe a ogwira ntchito, Matthew Hedges wa ku Durham anamangidwa ku UAE mu 2018. Komiti ya ethics idzafunsa momwe mudzabisire mayina a omwe mwacheza nawo komanso komwe mudzasunge zojambula, poti inu mudzakwera ndege koma iwo adzatsala komweko. Ikani ndime ya zimenezi mupulopozo asanakufunseni.