Kusankha mainjini a ndege ya rimoti ya mainjini awiri

Ndege ya rimoti ya injini imodzi ikazima m'mwamba sinkhani yoopsa kwenikweni, mumangoiweramitsa pang'ono n'kutera ikuuluka ndi mapiko basi. Koma za mainjini awiri ngati zotengera ndege zankhondo za ku America za P-38 kapena B-25, imodzi ikazima inayo imapitiriza kukoka, ndege imakhotera mbali ya yozimayo, phiko la mbali imeneyo limagwa, ndipo ikakhala pafupi ndi pansi mumangokatola zidutswa. Nde posankha iwalani kaye za mphamvu, funso ndi lakuti injiniyi imazimazima kapena ayi.

Gulani ziwiri zofanana ndendende, kampani imodzi, saizi imodzi, makamaka nthawi imodzi. Zoti kuno ya kampani ya O.S. uko ya Saito chifukwa ndi zomwe zinali mu kabati, ayi amwene. Kwa ine O.S. 46AX ziwiri ndi poyambira pabwino, za kampani ya ku Japan izi, sizivuta kutchuna ndipo zikakhala pa idle (kulira pang'onopang'ono osapatsidwa moto) zimakhazikika. Saito za four-stroke zimalira mokoma zedi zikakhala ziwiri, mkokomo wake ngati ndege yeniyeni, koma mavalavu ake amafuna kumawayang'ana ndipo pulagi yake yoyatsira mafuta ndi ya four-stroke monga O.S. F, osati O.S. nambala 8 ya ma two-stroke ngati 46AX. Zotchipa zilipo zina zimagwira bwino ndithu, vuto lake ziwiri za dzina limodzi zitha kukhala ndi khalidwe losiyana.

Injini yatsopano isakwere pa ndege imeneyi. Iliyonse iyambe yamwa mathanki angapo pa benchi mafuta olowa mu injini ali ochulukirapo, kenako muiike pa trainer (ndege yophunzirira) ya injini imodzi iulukeko, mukaona kuti ikuchoka pa idle kupita full throttle (moto wonse) osatsokomola ndiye yakhoza. Mainjini ambiri amazimira pomwepo, mwaulukira nthawi yaitali pa throttle yochepa kenako mwakankha mwadzidzidzi, ina yadzuka ina yamira mafuta.

Potchuna litsani imodzi imodzi, osati zonse pamodzi chifukwa khutu limanama. Tengani tachometer (choyezera ma RPM, kuzungulira kwa injini pa mphindi), pezani ma RPM apamwamba kenako tsegulani needle (kachitsulo kochepetsa kapena kuwonjezera mafuta pa kabuleta) mpaka atsike ndi 300 kapena kuposerapo pang'ono. Ina ikakhala yamphamvu kuposa inzake, itsitseni yamphamvuyo poiwonjezera mafuta, musafinye yofookayo kuti ifike, imatentha n'kuzima m'mwamba. Zikasiyana ndi 200 kapena 300 zisiyeni, ndege siimva n'komwe. Kenako mnzanu agwire ndegeyo mphuno kuloza kumwamba pa full throttle, injini ikangoyamba kufooka ndiye kuti mafuta olowa mu injiniyo achepa.

Injini iliyonse ikhale ndi thanki yakeyake, pafupi, pakati pa thanki polingana ndi kabuleta, mapaipi otalika mofanana, thanki yokutidwa ndi siponji kuti mafuta asachite thovu. Mapropela ofanana komanso obalansa, mapulagi atsopano amtundu umodzi, mafuta a botolo limodzi, nitro (mankhwala osakaniza m'mafutamo) ya 10 kapena 15 peresenti imathandiza idle. Ena amapendeketsa injini iliyonse madigiri 2 kapena 3 kuloza kunja kuti ina ikazima ndege isakhote kwambiri, zimathandizako ndithu.

Ikazimabe, bwezani throttle yonse nthawi yomweyo, mphuno pansi, terani. Ngati mwakhwima n'kufuna kubwerera ndi imodziyo, sungani liwiro, pondani rudder (chiwongolero cha kumchira) mbali ya injini yamoyo ndipo pokhota khoterani komweko.