Musanagule chikuku cha mwana woyamba ku London

Kwa makolo amene mukuyembekezera mwana woyamba kuno ku London, langizo langa ndi lakuti musalipire chikuku musanayese kuchipinda nokha m'sitolomo ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula chikwama cholemera ngati khanda. M'mabasi a mumzinda uno, malo oimikapo chikuku ndi omwewo a anthu oyenda pa njinga za aulumali, ndipo iwo akakwera mumapemphedwa kuchipinda pomwepo, mwana ali m'manja. Masiteshoni ambiri a Underground, sitima zapansi panthaka za mumzinda uno, alibenso zikepe, choncho chinyamuleni muone ngati mungakwere nacho masitepe popanda wokuthandizani.

Chofunika koposa, m'kuona kwanga, ndi mpando wake. Onetsetsani kuti umatsika mpaka kuwongokeratu kuti khanda lizigona chagada, chifukwa mwana wosakwana miyezi 6 khosi lake limakhala lisanakhwime, ndipo mutu ukagwera pachifuwa amavutika kupuma. Zikuku zambiri zing'onozing'ono anazipangira ana opitirira msinkhu umenewo, ndipo zimenezi zimalembedwa papepala lake.

Yezeranitu kukula kwa khomo la nyumba yanu musanapite kusitolo. Ngati mukugula chakale, yesani mabuleki ndi malamba onse omangira mwana.