Mayi akamavutika maganizo atangobereka, khanda tilithandize bwanji?

Amayi anzanga, ndi inu abambo musadutse ayi, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Mwana akamabadwa ubongo wake umakhala pafupifupi kota chabe ya ubongo wa munthu wamkulu, koma akamafika zaka 3 umakhala wafika kale cha pa 80 peresenti. Ndiye chimene chimaukulitsa si bere ndi phala lokha, komanso kuyankhidwa. Khanda likati "aguu" inu n'kuliyang'ana n'kuliyankha, timitsempha ta mu ubongo mwake timalumikizana pompo.

Mu 1975 katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, anaonetsa zimenezi poyera. Ankauza mayi kuti asewere ndi khanda lake kenako angoumitsa nkhope, osaseka osayankha, kwa mphindi zochepa zokha basi. Mwana uja amayesa kumwetulira, kutambasula timanja, kukuwa, akaona kuti palibe chikuchitika amayang'ana kumbali n'kuyamba kulira. Tsono taganizani mayi amene wagwidwa ndi depression, matenda ovutika maganizo aja, nkhope yake imakhala chonchi masiku ambirimbiri, osati mwadala, ndi matenda. Mwana akamalira nthawi yaitali popanda womutonthoza thupi lake limatulutsa cortisol wambiri, michere imene thupi limapanga munthu akapanikizika, ndipo zikapitirira miyezi ndi miyezi zimasokoneza kakulidwe ka ubongo.

Choyamba muziona masiku. Kulira popanda chifukwa m'chikuta muja kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha pakokha sabata ziwiri zisanakwane. Koma zikapitirira apo, mayi sakugona ngakhale mwana ali mtulo, chakudya sichikulowa, akungodziona wolephera, mwana sakumusangalatsa, pitani naye kuchipatala kapena muuzeni namwino tsiku la sikelo. Akanena zoti akufuna kudzipha kapena kupweteka mwana, musadikire kuti kuche, pitani tsiku lomwelo ndipo asatsale yekha. Mankhwala amene munthu amamwa uku akuyamwitsa alipo, adokotala amawadziwa. Chonde zomati ndi ulesi kapena amulodza tizisiye, zimangochedwetsa thandizo.

Pamene mayi akuchira, mwana asasowe nkhope yomuyankha. Apa mpamene abambo, agogo, apongozi, ngakhale kamkulu kake ka zaka 8 kangathandize. Munyamuleni moyang'anizana naye, akatulutsa kamawu mubwereze komweko, kenako mukhale chete pang'ono kudikira kuti iye "ayankhe", kudikirako n'kofunika kwambiri, ambirife timangolankhula tokhatokha osamupatsa mpata. Pomusambitsa muzitchula, ili ndi dzanja, ili ndi phazi. Pomubereka kumsana muzimuimbira. Zidole zodula za m'shopu sizofunika, supuni ndi kambale zimakwana. Foni iikeni pansi kaye, chifukwa nkhope yoyang'ana WhatsApp kwa mwana ndi nkhope youma yomwe ija.

Abambo, usiku umodzi kapena iwiri pa sabata tonthozani mwana ndinu, mayi azingodzuka poyamwitsa basi. Tulo timachiza zambiri.

Mayinso apeze munthu womumvetsera osamuweruza. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi kiliniki n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Inunso mukapita kukaona mwana, musangonyamula khanda n'kuyamikira masaya, khalani pansi mumufunse mayiyo kuti usiku wagona bwanji, ndipo mudikire yankho lake.