Musanagule kompyuta yokonzera zithunzi, tamvani kaye

Abale amene mumajambula maukwati ndi mapate kuno ku Harare, kaya muli ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, musanalowe mtauni kukagula desktop tamvani. Ambiri mumathamangira graphics card (kachipangizo koyendetsa zooneka pa sikirini) yodula ngati ya magemu, pomwe mapulogalamu okonzera zithunzi a Lightroom ndi Photoshop amadya kwambiri RAM, memory imene kompyuta imagwirira ntchito. Ikani 16GB, mthumba mukalola 32GB, makamaka ngati mumajambula RAW (zithunzi zosaphika, mmene zachokera mu kamera), mafayilo ake aja kulemera kwake simasewera. Purosesa ya Ryzen 5 kapena Core i5 ikwana ndithu. Windows ndi mapulogalamu ikani pa SSD ya NVMe (chosungira mafayilo chothamanga kwambiri), hard disk yakale ija izingosunga zithunzi zomwe mwamaliza. Graphics card yabwino mudzaifuna mukayamba kudalira Denoise ya AI ya mu Lightroom, yochotsa timadontho pa zithunzi zojambulidwa mumdima.

Koma sikirini musamaipeputse! Ine ndinali ndi yotchipa, ndinakonza zithunzi za ukwati wa alamu anga, pokazisindikiza diresi loyera linatuluka lachikasu, manyazi ake ndisakuuzeni. Gulani ya mtundu wa IPS, yosasintha makala mukaiyang'ana cham'mbali, yoonetsa sRGB (muyeso wa makala) pafupifupi 100%.

Ndiye ndi magetsi athu othimathimawa UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) musaiwale, akangothima Lightroom ili mkati molemba, catalog (fayilo yosunga zonse zomwe mwakonza pa zithunzi) ikhoza kuonongeka basi.