Mukuitanitsa basi yakale kunja? Onani mabuleki motere isananyamule munthu

Ambiri akamasankha Coaster, Rosa kapena Civilian pa intaneti, maso amathamangira pa mtengo, makilomita ndi kuchuluka kwa mipando. Za mabuleki amadzazikumbukira basi itafika kale, woyesa magalimoto ku Road Traffic atakana kupereka COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Komatu COF ndi mayeso aang'ono. Amayesa basi yopanda munthu, pamalo athyathyathya, kwa mphindi zochepa. Mayeso enieni ali pa mtsetse wa Chiweta kapena potsikira ku Chikwawa, basi itadzaza anthu, matumba a chimanga ali kumbuyo. Mukakonzekera mayeso achiwiriwa, oyambawo savuta.

Poyamba, funsani musanatumize ndalama. Ngati basi ikuchokera ku Japan, wogulitsa akutumizireni auction sheet (pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili) ndi zithunzi za pansi pa galimoto. Za penti wonyezimira muli nazo kale. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa kwambiri ndipo m'misewu amathiramo mchere. Mchere umenewu umadya mapaipi a mabuleki mwakachetechete, pamwamba basi ikuoneka ngati yatsopano. Mukaona dzimbiri lofundukafunduka pa chassis, isiyeni ngakhale mtengo ukhale wokoma. Ikakhala ya ku UK muli ndi mwayi wina: mbiri ya mayeso ake apachaka imapezeka pa webusaiti ya boma lawo mukangolemba nambala ya galimotoyo, ndipo mutha kuona ngati inalepherapo chifukwa cha mabuleki.

Funsaninso kuti mabuleki ake ndi amtundu wanji. Hiace ndi Coaster zimagwiritsa ntchito mafuta, pomwe mabasi akuluakulu ngati Scania ndi Yutong ndi a mpweya. Kenako tengani nambala ya chassis muzungulire nayo m'mashopu a masipeya ku Limbe kapena ku Malangalanga. Ngati ma pad, ma lining ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta mukaponda pedulo) a mtundu umenewo sakupezeka, dziwani kuti tsiku lina makaniko adzakuikirani "chofananako", ndipo ngozi zambiri zimayambira pomwepo.

Chachiwiri ndi pa doko. Basi ikamatsika m'sitima ku Dar es Salaam imakhala itaima masabata angapo, mwinanso miyezi mukawerengera nthawi yomwe inakhala pa yadi ku Japan. Ma caliper (zopanira ma pad pa disc) amatha kuuma, malabala kung'aluka. Dalaivala amene mwamutuma amalipidwa pa ulendo, ndiye mtima wake uli pa kufika msanga. Muuzeni asanyamuke asanaone mlingo wa mafuta a mabuleki, asanasuzumire kuseri kwa tayala lililonse ngati kuli konyowa, komanso asanaponde pedulo n'kuigwira kwa theka la mphindi injini ikulira. Pedulo ikamamira pang'onopang'ono, penapake pakutaya kapena master cylinder yatha. Akonzetse konko. Njira yake ili ndi phiri la Kitonga asanafike ku Iringa, kenako mtsetse wautali wochokera ku Tukuyu kutsikira ku Kasumulu, pa malire a Tanzania ndi Malawi. Si malo oyeserapo mwayi.

Chachitatu ndi mapepala, ndipo apa sitichedwapo. Pa chipata cha Songwe, kapena Mwanza ndi Dedza ngati yadzera kummwera, mumalipira msonkho ku MRA kudzera mwa clearing agent. Kenako apolisi amatsimikiza kuti si yobedwa, mumailembetsa ku Road Traffic mu kaundula wawo wa pakompyuta wa MalTIS, n'kudula inshuwalansi ya galimoto yonyamula anthu. Dziwani chabe kuti pa mapepala onsewa palibe limene likunena kuti basi yanu imaima.

Chachinayi, galaja. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mukhalepo nokha tsiku limenelo. Makaniko achotse matayala onse, akumbuyo omwe, chifukwa ambiri amangoona kutsogolo n'kunena kuti zili bwino bwana. Atsegule ma drum muone ndi maso anu. Lining yabwino ndi yokhuthala komanso youma. Ikakhala yonyezimira ngati galasi inapsa, ikakhala yonyowa ndi mafuta ndiye kuti wheel cylinder kapena seal ikutaya. Yonyowayo musalole kuti aitsuke ndi petulo n'kuibwezera. Ichotsedwe. Yendetsani chala mkati mwa drum ndi pa disc: mukamva mizere yakuya kapena mukaona ming'alu, sinthani. Ma disc ndi ma drum ambiri ali ndi muyeso wothera wodindidwa pa chitsulo pomwepo, makaniko ayeze ndi chida, asangoyerekeza. Ndipo zonse musinthe mbali ziwiri nthawi imodzi. Kusintha kumanja kokha n'kumene kumachititsa basi kukokera mbali imodzi poima.

Mafuta a mabuleki akhuthulidwe onse, ngakhale akuoneka oyera. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi. DOT 3 yatsopano imawira pa madigiri osachepera 205, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 140. Pa mtsetse wautali mabuleki amatentha, mafuta amawira, mumapaipi mumadzaza nthunzi, pedulo n'kupita pansi popanda kugwira kanthu. Zina mwa zomwe timamva kuti "mabuleki anaduka" zimakhala zimenezi, palibe chitsulo chomwe chaduka. Thirani mtundu wolembedwa pa chivundikiro cha kabotolo kake, DOT 3 kapena DOT 4, wochokera m'botolo lomata, ndipo muzisintha pakatha zaka 2 zilizonse.

Basi ya mpweya ili ndi zake. Lizani injini mpaka geji ifike pomwe imaima, nthawi zambiri pa 8 bar kapena kupitirirapo. Zimitsani, pondani buleki kwa mphindi imodzi, maso pa geji, khutu pansi. Muvi ukamatsika kapena mukamva kulira kwa mpweya, pakutaya. Kenako pondani mobwerezabwereza kuti mpweya uchepe: alamu ndi nyali yochenjeza ziyenera kuyamba msanga. Ena amadula waya wa alamu ati ikusokosa, ndiye onetsetsani kuti ilipo. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki iliyonse. Mukatuluka madzi ambiri kapena mafuta akuda, sinthani cartridge ya air dryer (choumitsira mpweya) ndipo compressor ionedwe.

Musaiwale handibuleki ndi exhaust brake, buleki yochepetsa liwiro pogwiritsa ntchito injini. Imikani basi pa chitunda, giya pa nyutulo, handibuleki yokha igwire. Exhaust brake woyesa mwina sangaifunse n'komwe, koma ndi imene imapumitsa mabuleki potsika phiri limodzi ndi giya yotsika.

Chachisanu, samalani ndi mipando. Mabuleki anapangidwira kulemera kolembedwa pa kachitsulo ka wopanga galimoto. Mukaonjezera mzere wa mipando ndi kariyala pamwamba, mtunda woimira umatalika, ndipo chiwerengero cha anthu chikasiyana ndi cha pa mapepala, apolisi apamsewu akhala nanu.

Chomaliza, pitani kokayezetsa, ku Road Traffic kapena kumalo oyezera magalimoto ovomerezeka ndi boma. Musapite tsiku lomwe mwaika ma lining atsopano, chifukwa amakhala asanakhazikike pa drum. Yendani nayo kaye masiku angapo yopanda anthu, mukuima pafupipafupi. Pomwe pali makina, matayala amaikidwa pa zogudubuza zomwe zimaonetsa mphamvu ya buleki ya tayala lililonse, ndipo kumanja ndi kumanzere kukasiyana kwambiri basi imalephera. Pemphani kuona manambalawo. Pa geti mudzakumana ndi madobadoba okulonjezani COF basi ili kunyumba. Pepala loterolo lidzakutembenukirani tsiku la ngozi, a inshuwalansi ndi apolisi akayamba kufufuza.

COF ikatuluka, tengani Road Service Permit, chilolezo chonyamulira anthu, ya njira yomwe muziyenda. COF ya galimoto yonyamula anthu imatha pa miyezi 6, koma pa msewu wamapiri ngati wa Mzuzu ndi Karonga ma lining sadikira nthawi imeneyo. Ikani kabuku mu dashibodi, dalaivala azilemba tsiku ndi makilomita pomwe mabuleki anatsegulidwa, ndipo pakutha pa mwezi uliwonse muzikawerenga nokha.