Momwe mungagwiritsire ntchito mawu a Chingerezi akuti "may" osalakwitsa

Ambirife mawu amenewa tinawaphunzira titaima pakhomo la kalasi, titachedwa, manja tili kumbuyo: "May I come in, madam?" Pamenepo palibe cholakwika. Vuto limadzabwera tikakula, polemba kalata yofunsira ntchito kapena pa mayeso a MSCE, pomwe ukalephera Chingerezi satifiketi sulandira.

Yambani ndi kudzifunsa kuti wochita chinthucho ndani. Ngati ndi inuyo ndipo mukupempha chilolezo, "may" ndi woyenera: "May I use your pen?" Mwini cholemberacho akhoza kuyankha kuti "Yes, you may" kapena "No, you may not".

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. M'Chichewa timati "ndingalowe?" komanso "mungandithandize?", ndipo monsemo muli ka "-nga-" komweko. Ndiye tikamalemba Chingerezi timangotengera, n'kulemba kuti "May you help me". Uthenga wotere ndimauona pafupipafupi pa WhatsApp ngakhalenso m'makalata a kuofesi, ndipo zimandikhudza chifukwa wolembayo amakhala akuyesetsa kupereka ulemu. Koma m'Chingerezi cha pa mayeso, "May you" si pempho. Ndi mawu ofunira munthu mafuno, monga pa ukwati akamati "May you live long together", chimodzimodzi ndi pa maliro tikamalemba kuti "May his soul rest in peace". Mukafuna kuti wina akuchitireni chinthu, nenani kuti "Could you help me, please?" kapena "Would you sign this form?" Ulemu wake ndi wokwanira ndithu.

Kenaka pali ntchito yachiwiri, ya "mwina". Mwezi wa Novembala, kwatentha tsiku lonse, madzulo mitambo yakuda yaunjikana pamwamba pa phiri, koma simukudziwa ngati mvula igwe. Pamenepo mumati "It may rain tonight". Ngati chinthucho chinachitika kale ndipo mukungoganizira, onjezani "have": "She may have missed the bus", kutanthauza kuti mwina basi inamusiya.

Tsopano yang'anani kalembedwe. Pambuyo pa "may" mneni amabwera wopanda "to" ndiponso wopanda "s". Timalemba "He may go", osati "He may goes" kapena "He may to go".

Chotsiriza ndi "maybe" ndi "may be", zomwe zimasokoneza ngakhale ophunzira anzeru. Yesani kuchotsa mawuwo n'kuikapo "perhaps". Chiganizo chikamveka, lembani mophatikiza: "Maybe she is sick". Chikapanda kumveka, ndiye kuti "be" ndi mneni ndipo ayenera kuima payekha: "She may be sick". Musanatumize kalata yanu, werengani mokweza chiganizo chilichonse chomwe muli "may", ndipo pomwe mwapeza "May you" m'pempho, sinthani nthawi yomweyo.